Bigili ya Mapepala ya Abiti Sulaiman

Hajara Sulaiman ali ndi zaka 64. Ndi mayi wamasiye, alibe mwana wamoyo, ndipo amakhala okha m'nyumba ya malata ku Senga Bay, m'boma la Salima. Anthu amawatchula kuti Abiti Sulaiman. Kuwerenga sadziwa, Chichewa ngakhale Chizungu. Komabe kwa zaka 26 pepala lililonse la m'banja mwawo ankasunga ndi iwo, ndipo mapepalawo anawatayitsa dzino limodzi ndi mphamvu za mkono wamanja.

Kwawo ndi ku Nkhotakota. Che Binali, msodzi wa kuno, anakawaona kumeneko atapita kukagula matabwa a boti, ndipo mu 1981 anabwera nawo. Ukwati wa Chisilamu, nikaha, unamangidwa pa mzikiti wa pamudzi pano. Anthu anadya mpunga, shehe analemba kapepala nawapatsa. Ana anabadwa atatu. Woyamba anapita ndi chikuku, wachiwiri malungo. Wachitatu, Layla, anafika zaka 19 namwalira pobereka, pamodzi ndi khanda lake.

Za mapepala zinayamba mu 1996. Che Binali anagula injini yakale ya boti kwa munthu wina wa ku Chipoka. Wogulitsayo analemba kalata bwinobwino, nambala ya injini ndi mayina a mboni zomwe. Che Binali anaipinda naiika m'thumba la malaya. Ali panyanja pepala lopichirira fodya linawathera, ndiye anayamba kung'amba kalatayo pang'onopang'ono mpaka anaisuta yonse.

Patatha milungu itatu kunafika boti la amuna khumi ndi awiri ochokera ku doko lina. Anali ataberedwa injini ya mtundu womwewo. Anaiona pa boti la Che Binali nafunsa kalata yogulira. Che Binali anayamba kufotokoza kuti kalatayo inalipo ndithu, koma sanamalize. Wina anawamenya ndi nkhafi kumbuyo kwa khosi, anagwa chafufumimba. Anawamanga manja ndi chingwe cha ukonde, nawakoka pamchenga wotentha uku akuwaponda m'nthiti ndi kumaso. Kenako anawathira petulo wa m'thanki ya injini yomweyo. Machesi awo anali atanyowa, choncho mmodzi anathamanga kukapala moto kwa amayi owamba nsomba.

Abiti Sulaiman anafika akuthamanga nadzigwetsa pamwamba pa amuna awo. Petulo anawalowa m'chitenje ndi m'kamwa. Anawakoka tsitsi kuti achoke, koma anakolowekeza manja m'chingwe chija osasiya. Pa doko panali anthu oposa zana. Onse ankawadziwa Che Binali, ena ankaswali nawo mzere umodzi ku mzikiti, koma palibe amene anatsegula pakamwa.

Anawapulumutsa ndi mwini injini yobedwayo, mkulu wotsimphina amene anatsika m'boti pomalizira. Anaiyang'ana injini nanena kuti yake inali yowotcherera pa chogwirira, iyi si yake. Amuna aja anakwera boti nabwerera kwawo. Pepani sananene. Che Binali anagona miyezi iwiri, ndipo diso lawo lamanzere silinaonenso.

Atayamba kukhala tsonga, Abiti anawauza mawu ochepa.

"Che Binali, kuyambira lero pepala lililonse muzibwera nalo kwa ine. Mukafuna fodya muzisuta masamba a chimanga."

Anagula bigili yoyera yomwe munali penti, ya chivindikiro cholimba. Anaitsuka ndi mchenga, naipachika ndi waya pa mtanda wa denga, kuopa chiswe, makoswe ndi madzi a mvula. Poti zilembo sankazidziwa, ankasiyanitsa mapepala ndi ulusi wosokera ukonde. Mtundu uliwonse unkalowa m'jumbo yakeyake, yomangidwa ndi ulusi wakewake. Wofiira unali wa malo. Wobiriwira unali wa boti, injini ndi layisensi ya ukonde. Wakuda unali wa malisiti a madzi ndi tina ndi tina. Woyera unali wa mabuku a kuchipatala, awo ndi a amuna awo, komanso atatu a ana aja, omwe sanawataye ngakhale eni ake anali kumanda.

Pepala latsopano likabwera, ankapita nalo kwa anthu awiri osiyana kuti awawerengere, chifukwa mmodzi yekha akhoza kunama. Mvula ikatha ankatsitsa bigili, kuyala mapepala pa mphasa mkati mwa mpanda, lililonse ndi kamwala kake, iwo atakhala pambali ndi ndodo yoingitsira nkhuku. Anthu pa doko ankawaseka, ankawatcha a DC. Koma layisensi ya wina ikasowa, kapena buku la kuchipatala likadyedwa ndi makoswe, akazi awo ankabwera kudzafunsa kumene mabigili otere amagulitsidwa.

Pepala lalikulu m'bigilimo linali la malo. Che Binali anagula malowo mu 1989 kwa banja lina la pamudzi. Kalata yake inali ndi chidindo, ndipo inkanena malire, kuyambira pa mtengo wa mango wa kumsewu mpaka kumadzi. Dzina linalembedwa la Che Binali lokha. Nthawi imeneyo malo a mchenga analibe ntchito. Koma zaka zitapita anthu a ku Lilongwe anayamba kubwera ndi magalimoto kudzafuna malo omanga nyumba zogona alendo, ndipo mchenga unakwera mtengo kuposa dimba.

Mu 2011 Che Binali anafuna kugulitsa. Anaitanitsa jumbo ya ulusi wofiira, Abiti anakana. Anafunsa kuti akagulitsa, akakhala kuti, ndipo boti likakocheza pati. Che Binali anati malo ndi awo, dzina ndi lawo. Abiti anati dzina ndi lawo inde, koma injini inalinso yawo. Apo Che Binali anawamenya chibakera pakamwa. Abiti analavula dzino m'manja, naliyang'ana, naliika pa tebulo patsogolo pawo.

"Dzino tengani. Pepala ayi."

Che Binali anatuluka nakagona ku doko masiku atatu. Atabwerera nkhaniyo sanaiyambenso. Kupepesa sanapepese, koma anzawo amene anagulitsa atasamukira kumtunda kopanda madzi, Che Binali ankabwera ndi pepala lililonse, ngakhale lisiti la misomali, nalisiya pa mphasa ya akazi awo.

Panali pepala limodzi lomwe silinalowepo m'bigili. Kapepala ka nikaha kaja shehe anakalemba m'zilembo za Chiarabu. Abiti anakula akuphunzitsidwa ndi bambo awo kuti zilembo zimenezo siziikidwa pansi, sizilumphidwa, ndipo sizisakanizidwa ndi zinthu wamba. Bigili inkatsitsidwa pansi, mkati mwake munali malisiti ndi mabuku onunkha mankhwala. Choncho kapepalako anakaika pamwamba pa khoma, pamodzi ndi timabuku ta Layla ta ku madarasa, sukulu ya Chisilamu, ndi masamba othothoka a msahafu wakale, buku la Korani, zonse atazikulunga m'nsalu yoyera. Zinakhala pamenepo zaka zambiri, ndipo m'mutu mwawo mtolo wonsewo unasanduka chinthu chimodzi, mapepala opatulika.

Mu 2018, Ramadani isanayambe, ku mzikiti analengeza kuti aliyense amene ali ndi masamba otha ntchito a msahafu abwere nawo. Masamba otere satayidwa kudzala. Amakulungidwa m'nsalu ndi kukwiriridwa mwaulemu pamalo poyera. Abiti anatsitsa mtolo wawo. Tsiku limenelo anali asanadziyeretse ndi madzi monga amachitira asanagwire msahafu, ndiye sanaumasule. Anaupereka momwemo, naima patali kuonerera amuna akuukwirira kuseri kwa mzikiti, pafupi ndi mtengo wa nimu. Anabwerera kunyumba mtima uli mbee, poganiza kuti achita chinthu chabwino.

Che Binali anamwalira mu Juni 2022, ndi matenda a shuga. Anaikidwa tsiku lomwelo. Abiti analowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba ya mwamuna wake, osayendayenda, osaonekera kwa amuna achilendo. Madzi ndi ndiwo ankawabweretsera ndi Mayi Scholastica, mphunzitsi wa ku Thyolo amene ankachita lendi kanyumba ka kuseri. Mayiyo ndi amenenso ankawawerengera mapepala zaka zomalizirazo.

Pa tsiku la makumi anayi panachitika sadaka ya arobaini. Anthu atadya nabalalika, pakhomo panaima Hashim, mwana wa mlongo wawo wa Che Binali. Anali bambo wa zaka makumi anayi, wa geni ya nsomba ndi njinga yamoto. Ali mwana anakhalapo pakhomo pomwepo zaka zisanu, Abiti akumuphikira ndi kumuchapira. Analankhula ali panja, iwo ali kuseri kwa chitseko. Anati akubanja agwirizana. Boti, injini ndi ukonde atenga iye monga mphwawo wa malemu. Malo agulitsidwa, wogula wapezeka kale. Eda ikatha, Abiti abwerere kwawo ku Nkhotakota.

Za boti Abiti sanalimbane nazo. Anatsitsa bigili, natulutsa jumbo ya ulusi wobiriwira, naiponya panja pansi pa chitseko. Koma anati malo ndi nyumba sachokapo. Ku Nkhotakota kunalibenso wawo, ndipo ana awo atatu anagona kuno.

"Mukukakamira ngati ndani, anti?" anafunsa Hashim. "Mwana mulibe. Kodi amalume anakukwatirani, kapena munangolowana? Si inu a DC? Onetsani kalata."

Anawonjeza kuti oyeza malo abwera Loweruka la mlungu wotsatira.

Abiti anaseka okha m'nyumbamo. Munthu kuwafunsa iwo kalata kunali ngati kufunsa msodzi ngati amadziwa madzi. Anaitana Mayi Scholastica, namasula majumbo onse. Mphunzitsiyo anawerenga pepala lililonse mokweza, masana awiri akaweruka kusukulu. Anawerenga malisiti a madzi a zaka khumi, kalata ya malo, mabuku a ana. Ya nikaha panalibe. Atatopa anafunsa kuti kodi kalatayo inkaoneka bwanji. Abiti anayamba kulongosola kuti kanali kapepala kachikasu, kolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Anangolekeza pomwepo. Anayang'ana pamwamba pa khoma pomwe pankakhala mtolo uja. Kenako anamuuza mphunzitsiyo kumene kalatayo inali, ndi amene anaipereka.

Mayi Scholastica anayesa kuwalimbitsa mtima. Anati banja la zaka 41 silifuna pepala, mudzi wonse ukudziwa kuti iwo ndi akazi a Che Binali, ndipo malamulo amateteza akazi amasiye.

"Madamu," anatero Abiti, "tsiku lomwe ankawathira petulo, doko lonse linkadziwa kuti si wakuba."

Kalata ya malo anaichotsa m'bigili. Anaikulunga m'jumbo, naisokerera m'kansalu, nadzimanga nako m'chiuno mkati mwa zovala. Mpeni wotumbulira nsomba anauika pansi pa mphasa.

Hashim anabwera Lachitatu cha m'ma 9 m'mawa, nthawi imene ankadziwa kuti mphunzitsi ali m'kalasi ndipo amuna a pafupi akugona atachokera kunyanja. Anali ndi asodzi awiri a m'boti lomwe anali atangolitenga. Anagogoda ndi phazi. Kachitatu loko anazuka. Asodzi aja anaima pakhomo atazolika, chifukwa ankadziwa kuti m'nyumba ya mkazi wa pa eda salowamo. Hashim anawauza kuti alowe, muno mulibe mkazi wa munthu.

"Anti, pepala la malo."

"Vula nsapato. M'nyumba muno timaswaliramo."

Hashim anakwera pa mpando nadula waya. Bigili inagwa, chivindikiro chinauluka. Anayamba kung'amba majumbo ndi mano, kuwerenga mutu wa pepala ndi kuliponya kumbali. Abiti anakumbatira bigiliyo. Anawakankha, mutu unagunda khoma, anaona mdima pang'ono koma anadzukanso. Hashim atafika pansi pa bigili osapeza chomwe ankafuna, anafunsa kuti chili kuti.

"Kafunse amalume ako. Kumene agona ukukudziwa."

Anawawomba mbama iwiri, mpango unagwa. Kenako anaona mmene ankagwirira m'chiuno, ndipo anazindikira. Anawagwetsera pa mphasa nayamba kukoka chitenje. Mayi amene anamusambitsa ali ndi mphere, iye anawagwira zovala. Dzanja la Abiti linapeza mpeni uja. Anamucheka tsaya kuyambira pakhutu mpaka pafupi ndi mlomo, monga amatumbulira kampango. Magazi anawazira pa mapepala.

Hashim anabwerera m'mbuyo akubuula. Pakona panali nkhafi ya Che Binali. Anaitenga ndi manja awiri nalunjika mutu. Abiti anatchinga ndi mkono wamanja, ndipo fupa linalira ngati nkhuni youma. Yachiwiri inatera kumsana. Yachitatu sinafike, chifukwa mmodzi wa asodzi aja anamugwira kumbuyo namuuza kuti apha munthu, ndipo iwo sanabwere kudzapha.

Hashim anavula malaya nadzitseka nawo tsaya. Anawola mapepala onse nawaunjika pabwalo. Anapopa petulo m'njinga yake, nathira, nayatsa. Munapsa malisiti, munapsa mabuku atatu a ana, ziphaso za unzika zinasungunuka ngati phula. Bigili nayo anaiponya pamoto. Abiti anakwawa ndi dzanja limodzi mpaka pakhomo. Pamenepo anaima, chifukwa anali pa eda. Anaonerera moto ali chigonere, mutu uli kunja, thupi lili m'nyumba.

Pokwera njinga Hashim analankhula movutika, magazi akutuluka m'kamwa. Anati pofika Loweruka apeze kalata ya nikaha, apo ayi apeze minibasi ya ku Nkhotakota, ndipo tsiku limenelo adzabwera ndi anthu oti sagwira mnzawo mkono.

Mayi Scholastica anawapeza masana mkono utatupa ngati mtsuko. Anafuna kuitana galimoto yopita kuchipatala cha pa boma, ndiponso kukanena kupolisi. Abiti anakana. Anati eda yatsala miyezi itatu, ndipo sangatuluke chifukwa cha fupa. Mphunzitsiyo analira ndi mkwiyo, koma anakadula nsungwi ziwiri namanga mkonowo ndi chitenje. Lachinayi lonse Abiti anagona akutentha thupi, osadya. Ankangoganiza za mtengo wa nimu.

Fupa silinawatulutse m'nyumba, koma pepala linawatulutsa. Lachisanu m'mawa, mphunzitsi atapita kusukulu, anavala mpango, natenga khasu kumanzere, nayenda mpaka kuseri kwa mzikiti. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti akapempha akanizidwa. Ankaganiza kuti pofika 9 koloko akhala atabwerera, koma unali mwezi wa Ogasiti, nthaka inali gwa, ndipo kukumba ndi dzanja limodzi ndi ntchito ina. Ankagwada, kugwetsa khasu, kupalasa dothi ndi zala, kupuma. Dzuwa linakwera. Nthawi ya swala ya Lachisanu itayandikira, amuna anayamba kufika atavala mikanjo yoyera.

Woyamba kuwaona anali mkulu wina amene anadya nawo mpunga pa nikaha yawo. Anafunsa kuti akutani. Abiti anayankha kuti akufuna chawo, osatukula mutu. Nthawi yomweyo khasu linakola nsalu yofumbwa. Mkuluyo anafuula, anthu anathamangira kuseri. Mawu anayenda msanga. Ena ankati mkazi wa pa eda akufukula msahafu. Ena ankati wapenga. Hashim analipo, tsaya litasokedwa, ndipo anauza anthu kuti mayiyu anamubaya dzana, tsopano akufuna masamba opatulika kuti akapangire mankhwala omumalizira.

Mwala woyamba unawapeza pamwamba pa khutu. Magazi anatsikira m'khosi. Wina analanda khasu nawamenya ndi mpini kumsana, pomwe panali kale bala la nkhafi. Wina anaponda mkono womangidwa uja, nsungwi zinathyoka. Abiti sanathawe ndipo sanapemphe chifundo. Anaweramira m'dzenjemo, dzanja lamanzere lili mkati, akufufuza.

Shehe anatuluka mu mzikiti wopanda nsapato. Sanali amene anamanga nikaha ija, ameneyo anamwalira kalekale. Uyu anali atakhala zaka zisanu zokha pamudzipo. Anadutsa pakati pa anthu naima pamwamba pa mayiyo, ndipo mwala wina unamupeza paphewa.

"Amene waponya uwu abwere aponye ali pafupi," anatero, "ndimuone nkhope."

Palibe anabwera. Shehe anagwada nafunsa Abiti chomwe ankafuna. Anamuuza, mawu akudukaduka. Shehe anapinda mkono wa mkanjo nalowetsa dzanja m'dzenje. Anatulutsa dothi lakuda lonyowa, la chiswe, ndi tizidutswa tonga makoko a mtedza. Anapisanso kachiwiri, kachitatu. Munalibe pepala loti munthu n'kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi.

Anawauza motsitsa mawu kuti nikaha imaima pa mboni, osati pa pepala, ndipo akanatumiza uthenga akanawauza zimenezo ali m'nyumba mwawo. Anatinso eda siletsa munthu wothyoka kupita kuchipatala. Abiti anayang'ana dothi lili m'manja mwa sheheyo, kenako anakomoka.

Shehe ndi amene anafuna galimoto. Anadzera kupolisi kukatenga kalata, napitirira kuchipatala. Mutu anasoka. Mkono unali utathyoka pawiri, ndipo unali utachedwa. Anamwino powavula anapeza kansalu m'chiuno, ndipo Abiti atatsitsimuka chinthu choyamba kufunsa chinali chimenecho. Mayi Scholastica anapita nayo kalata ya malo pa shopu ina pa boma, naijambulitsa katatu. Loweruka oyeza malo anafika ndi zingwe zawo, napeza apolisi akuyang'ana phulusa pabwalo, ndipo anabwerera osatsika m'galimoto. Hashim anagwidwa tsiku lomwelo. Oponya miyala sanagwidwe ngakhale mmodzi, chifukwa pa anthu onse aja panalibe amene anaona.

Mlandu womenya unatha msanga. Asodzi awiri aja ananena zomwe anaona, ndipo Hashim anapatsidwa zaka zitatu. Za tsaya lake khoti linati mayiyo ankadziteteza.

Wa malo ndi umene unavuta. Mayi ake a Hashim, mlongo wa malemu, anaima pa mawu akuti malowo ndi a makolo ndipo Abiti sanali mkazi wa pa ukwati. Zoti ndi a makolo zinagwa tsiku loyamba, kalata ya chidindo itawerengedwa. Zotsalazo zinkafuna mboni. Buku la shehe wakale palibe amene ankadziwa kumene linapita. Mwa amuna amene anakhala pa nikaha mu 1981, amoyo anali atatu. Kukanakhala kuti Abiti sanakumbe, onse atatu akanapita, chifukwa ndi Hashim sankagwirizana. Koma tsopano awiri anati sangaimire mkazi amene anatuluka pa eda n'kukafukula masamba a msahafu. Wachitatu anati wakalamba, sakukumbukira. Shehe anawayendera kawiri kunyumba zawo, osaphula kanthu.

Amene anapita kukaimira mboni ndi Mayi Tausi, nkhalamba ya pamudzipo ya zaka pafupifupi 80, imene inafika pa khoti pa kabaza itagwira woyendetsa m'chiuno. Atafunsidwa ngati akudziwa kuti awiriwa anakwatirana, anayankha ali chikhalire.

"Mpunga wake ndinaphika ndine. Unapserera. Che Binali anandinyoza nawo mpaka chaka chomwe anafa."

Anatchula shehe, anatchula mboni, anatchula ndi amuna atatu okana aja mayina awo ndi malo amene aliyense anakhala. Mayi Scholastica nawo ananena zomwe anaona pa zaka zimene anakhala pakhomopo. Khoti linavomereza kuti Hajara Sulaiman anali mkazi wa Binali. Koma linapezanso kuti mlongo wa malemu, wokalamba ndi wodwala, ankadalira mchimwene wakeyo pa chakudya, ndipo ayenera kulandirako. Mbali ziwirizi zinalangizidwa kugawana. Abiti anali atatopa, mkono unkawawa, ndipo pamudzi anthu ambiri sankawapatsa moni. Anavomera. Anatenga nyumba ndi bwalo, kuyambira pa mango mpaka pa chitsime cha pakati pa malowo. Kuyambira pa chitsime mpaka kumadzi kunapita kwa mlongoyo.

Mbali ya kumadziyo inagulitsidwa mu 2023. Wogula anamanga mpanda wa njerwa wotalika kuposa denga la Abiti, pamwamba pake pali mabotolo osweka. Kuti afike kunyanja tsopano amazungulira kumsewu, ulendo wa mphindi makumi awiri. Mkono wamanja suwongoka, ndiye nsomba anasiya kutumbula, amagulitsa tomato ndi mchere pakhonde. Ku mzikiti amapita, amakhala kumapeto kwa mzere wa amayi. Nyumba ndi yawo, ndipo dzina lolembedwa ndi lawo. Hashim anatuluka m'ndende mwezi wa Malichi wapitawu, ndipo akukhala nyumba yachinayi kuchokera pa yawo.